Kuliza nyimbo za m'foni kapena m'fulashi pa wailesi ya galimoto

Anthu ambiri akafuna kumvera nyimbo zawo m'galimoto amathamangira kumsika kukagula kachipangizo koyamba kamene wogulitsa wawaonetsa, ndipo amazindikira atafika kale kunyumba kuti sikakugwirizana ndi wailesi yawo. Ntchito imeneyi iyenera kuyambira pampando wa dalaivala, galimoto itaima, mukuyang'anitsitsa wailesi imene muli nayo. Njira zolumikizira foni, fulashi, memori khadi kapena kachipangizo ka MP3 ku masipika a galimoto zilipo zingapo, koma sizilingana pa kamvekedwe, ndipo nyimbo zodutsa m'chingwe pafupifupi nthawi zonse zimamveka bwino kuposa zoulutsidwa pa FM. Pa chifukwa chimenechi modyuleta, imene imaulutsa nyimbo pa FM ndipo madalaivala ambiri amaidziwa, ndi yoyenera kuiganizira pomalizira, ngakhale kuti m'galimoto zambiri zochokera ku Japan imapezeka kuti ndi njira yokhayo imene yatsala.

Yambani ndi kufufuza wailesi

Potokolani kiyi mpaka pamene palembedwa ACC kuti wailesi iyake injini isanalire. Kenaka dinani mobwerezabwereza batani lolembedwa SOURCE, SRC, MODE kapena MEDIA, ndipo muziwerenga mawu onse amene akuoneka pa sikirini. Mukaona AUX, USB, SD, iPod kapena BT Audio, ndiye kuti khomo lolowetsera nyimbo lilipo, kwatsala kulipeza. Kabowo kake sikakhala pankhope pa wailesi nthawi zonse, choncho yang'anani m'kabokosi kosungira mapepala kutsogolo kwa mpando wa wokwera, m'bokosi la pakati pa mipando pamene mumatsamiritsa mkono, ndiponso pansi pafupi ndi choyatsira ndudu. M'galimoto zambiri za ku Japan chingwe cha USB chimangogonekedwa m'kabokosi ka mapepala, ndipo munthu amatha kuyendetsa galimoto chaka chathunthu osadziwa kuti chilipo. Pa wailesi zina zogula padera AUX imabwera itazimitsidwa, ndipo siioneka pa mndandanda mpaka mutakaiyatsa m'malo osinthira zinthu.

Ngati wailesi ikulemba Chijapani, musataye mtima. Lozani kamera ya foni pa sikirini pogwiritsa ntchito Google Translate, ndipo mawuwo adzamasuliridwa pomwepo. Mawu awiri oti muwazolowere maonekedwe ake ndi 設定, pamene pamasinthidwira zinthu, ndi 登録, pamene pamalembetsedwera foni yatsopano.

Pali chenjezo limodzi lofunika musanagwire china chilichonse. Wailesi zambiri za sikirini zochokera ku Japan zili ndi malo awiri olowetsera khadi ya SD, ndipo khadi imodzi imakhala ya mapu. Mapu a ku Japan alibe ntchito mumsewu wa M1, koma pa wailesi zina khadi yomweyo imasunganso pulogalamu imene wailesiyo imadzukira nayo magetsi akaduka. Munthu akaichotsa, n'kuifufuta kuti aikemo nyimbo, wailesi imagwirabe ntchito mpaka tsiku limene batire lidzachotsedwe, ndipo kuyambira pamenepo imangoonetsa uthenga wa Chijapani osalola batani lililonse. Khadi yolembedwa MAP isiyeni pamalo pake.

Chingwe cha AUX

Mukapeza kabowo kozungulira kofanana ndi kolowetsapo mahedifoni pafoni, mwapeza njira yotsika mtengo komanso yodalirika. Kabowo kameneka ndi ka mamilimita 3.5, ndipo chimene mukufunika ndi chingwe cha mitu iwiri yofanana, chotalika mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, chifukwa chachitali kwambiri chimakola pa giya ndi pa handibuleki. Pogula, yang'anitsitsani kachitsulo ka kumutu. Kamakhala ndi timizere takuda tozungulira, ndipo chingwe choyenera ndi cha timizere tiwiri, chimene chimanyamula mawu a kumanzere ndi a kumanja. Cha timizere titatu chili ndi njira inanso ya maikolofoni, ndipo pa wailesi zina chimachititsa kuti mbali imodzi ikhale chete kapena kuti woimba azimveka ngati ali m'chitsime.

Musanalowetse chingwe, tsitsani voliyumu ya wailesi. Lowetsani mutu umodzi ku wailesi, wina ku foni, ndipo kankhani mpaka mumve kuti wakhala. Kava yochindikala ya foni kawirikawiri imatchinga mutuwo kuti usafike pansi, choncho mbali imodzi ikapanda kumveka yambani mwavula kava musanatsutse chingwe. Sankhani AUX pa wailesi, lizani nyimbo, kwezani voliyumu ya foni kufika pa magawo atatu mwa anayi, ndipo pokhapo yambani kukweza ya wailesi.

Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Voliyumu ya foni ikakhala pansi, mumakakamizika kukweza kwambiri ya wailesi, ndipo pamodzi ndi nyimbo mumakwezanso kaphokoso kongoti shiii kamene kamakhala pansi pake. Choopsa china n'chakuti mukabwerera ku FM mutaiwala kutsitsa, masipika amabangula mwadzidzidzi. Voliyumu ya foni ikafikanso pamapeto penipeni, mafoni ena amaswa mawu, makamaka pa besi. Ngati munayatsa zowonjezera besi m'foni, zizimitseni, ndipo besi muisinthire pa wailesi pokha, chifukwa kuikweza mbali zonse ziwiri ndiko kumang'amba masipika a m'zitseko.

Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix akadali ndi kabowo ka mahedifoni, koma Apple inakachotsa kuyambira pa iPhone 7 mu 2016, ndipo mafoni ambiri odula a Samsung nawonso alibe. Pamenepo pamafunika kachingwe kakafupi kosintha Lightning kapena USB-C kukhala kabowo ka 3.5. Tizingwe ta USB-C tili mitundu iwiri: tina tili ndi kachipangizo kosandutsa mawu mkati mwake, tina ndi waya chabe, ndipo mafoni ambiri amakana mtundu wachiwiriwu. Kayeseni pa foni yanu yeniyeniyo musanapereke ndalama.

Vuto lodziwika la AUX limabwera mukamatchaja foni pa choyatsira ndudu nyimbo zikulira. Mumamva kulira kosongoka ngati kwa udzudzu, kumene kumakwera mukaponda mafuta ndi kutsika mukachotsa phazi. Phokoso limeneli limachokera ku alternator, makina otchaja batire injini ikamalira, ndipo limalowa chifukwa foni yalumikizidwa ku magetsi a galimoto kudzera m'njira ziwiri nthawi imodzi, ya tchaja ndi ya chingwe cha nyimbo. Kuti mutsimikize, zulani tchaja injini ikulira. Phokoso likatha pomwepo, wailesi ndi masipika zilibe mlandu. Mukhoza kuyesa tchaja ina yabwinoko, kapena kutchaja ndi power bank, kapena kugula kabokosi kakang'ono kotchedwa ground loop isolator kamene kamaikidwa pakati pa chingwe ndi wailesi ndipo sikafuna magetsi.

Fulashi ndi memori khadi

Kwa munthu woyenda maulendo ataliatali, fulashi imaposa foni pa zinthu zingapo: siifuna data, siitha batire, nyimbo siziduka uthenga ukalowa, ndipo mumatha kusintha nyimbo ndi mabatani a pawailesi kapena a pachiwongolero. Nyimbo ya mphindi 4 ya MP3 pa 128 kbps, muyezo wa ubwino wa kamvekedwe, imatenga pafupifupi 4 MB, kotero kuti fulashi ya 8 GB imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000. Pa 320 kbps nyimbo yomweyo imayandikira 10 MB. M'galimoto yoyenda, pamene matayala ndi mphepo zikusokosa kale, 192 kbps ndi yokwanira kwa makutu a anthu ambiri.

Wailesi ikalemba kuti palibe fayilo kapena kuti yalephera kuwerenga, chifukwa chake kawirikawiri sikufa kwa fulashi koma kafomatidwe kake. Wailesi zambiri zakale zimawerenga FAT32 yokha, pamene mafulashi ndi makhadi opitirira 32 GB nthawi zambiri amabwera ali exFAT. N'chifukwa chake fulashi ya 8, 16 kapena 32 GB imavuta pang'ono kusiyana ndi yaikulu. Ilowetseni pa kompyuta, koperani kaye zonse zofunika chifukwa kufomata kumafufuta chilichonse, sankhani FAT32, kenaka bwezeranimo nyimbo zokhazokha, osasakaniza ndi zithunzi, mafilimu ndi makalata.

Chachiwiri choyang'ana ndi mtundu wa mafayilo. MP3 imawerengedwa ndi wailesi iliyonse ya USB, WMA ndi AAC zimawerengedwa ndi zambiri, koma nyimbo zotengedwa pa intaneti kapena zolandira pa WhatsApp nthawi zina zimakhala za mitundu ina monga opus kapena webm, ndipo wailesi imangozidumpha mwakachetechete. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi mp3 sikuthandiza, fayiloyo iyenera kusandutsidwa ndi pulogalamu pa kompyuta. Chachitatu ndi vairasi. Fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri, monga a m'malo oikitsa nyimbo kumsika, imatha kubwera mafoda ake atabisidwa n'kutsala zithunzi zake chabe. Pa kompyuta zimaoneka ngati zonse zilipo, koma wailesi siipeza kanthu, ndipo mankhwala ake ndi kufomata komwe kuja.

Gawani nyimbo m'mafoda ochepa, monga zauzimu, zakale, za ana ndi maulaliki, chifukwa kufunafuna nyimbo imodzi pakati pa mazanamazana galimoto ikuyenda n'kosatheka. Dziwaninso kuti wailesi zina siziyang'ana maina posanja, zimangoliza motsatira mmene mafayilo analowera m'fulashi, choncho ngati mndandanda uli wofunika koperani foda imodziimodzi. Gulani fulashi yaifupi, yongotulukira pang'ono, chifukwa yaitali imagwedezeka m'maenje a mumsewu mpaka kukulitsa kabowo ka wailesi, kapena imathyoka bondo la wokwera likaigunda.

Kulowetsa foni ya Android pa USB ya wailesi yakale nthawi zambiri kumangoitchaja, ndipo mochedwa, osaliza nyimbo. Wailesiyo imayembekezera fulashi, pamene mafoni a masiku ano sadzionetsa ngati fulashi. Zolembedwa iPod zimalandira bwino iPhone zambiri.

Bluetooth

Chizindikiro cha Bluetooth pa wailesi sichitanthauza kuti nyimbo zidzalira. Galimoto zina zakale zili ndi Bluetooth yoyankhulira pafoni yokha, ndipo yonyamula nyimbo, yotchedwa A2DP, mulibe. Ngati pa mndandanda uja munaona BT Audio, ndiye kuti ilimo. Imitsani galimoto ndi kukoka handibuleki, chifukwa wailesi zambiri zimakana kulembetsa foni galimoto ikuyenda. Lowani pamalo olembetsera foni yatsopano, yatsani Bluetooth pafoni, dikirani kuti dzina la wailesi lioneke, ndipo lidineni. Ikafunsa nambala, lembani imene yaoneka pa sikirini, ndipo ngati sinaoneke yesani 0000 kapena 1234. Ikakana ngakhale mwachita zonse molondola, n'kutheka kuti mndandanda wa mafoni wadzaza ndi a mwini wake wakale wa ku Japan, choncho fufutani amenewo muyambirenso. Pafoni, tsegulani dzina la wailesi muone ngati mbali ya nyimbo yayatsidwa, osati ya kuyankhula yokha.

Ngati wailesi ili ndi AUX koma ilibe Bluetooth, pali kachipangizo kolandira Bluetooth kamene kamalowa m'kabowo ka AUX n'kumatenga magetsi pa USB. Kamamveka bwino kuposa modyuleta, ndipo kamathetsa vuto la foni yopanda kabowo ka mahedifoni.

Modyuleta ndi wailesi za ku Japan

Modyuleta ndi siteshoni ya wailesi yaing'ono kwambiri. Imalowa pa choyatsira ndudu, imalandira nyimbo kuchokera ku fulashi, memori khadi kapena Bluetooth, ndipo imaziulutsa pa FM mtunda wa mamita ochepa kuti wailesi ya galimoto izikoke ngati siteshoni ina iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti imagwira m'galimoto iliyonse imene wailesi yake ikugwira FM. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu yake ndi yochepa, ndipo imalimbirana malo ndi masiteshoni enieni.

Apa ndi pamene eni galimoto za Vitz, Sienta, Passo, Probox, Fit ndi zina zobwera kuchokera ku Japan amapunthwa. Pa wailesi zakale za ku Japan FM imayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, ndipo wailesi zopangidwa kuyambira cha m'ma 2015 zina zimafika pa 95. Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi m'maiko ambiri, FM imayambira pa 87.5 kufika pa 108, ndipo mamodyuleta ambiri a m'misika amaulutsa m'malire omwewa. Wailesi ya ku Japan ndi modyuleta zimakumana pa kampata kakang'ono chabe, kuyambira 87.5 mpaka 90.0, amene ndi malo 26 mukamasuntha ndi 0.1. Modyuleta yoyamba imene ndinagula inayaka ikuonetsa nambala yopitirira 100, ndipo ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali ndikuzunguliza wailesi imene ikafika pa 90.0 inkalumphira ku 76.0. Ndinatsala pang'ono kuibweza kwa wogulitsa ngati yakufa, pamene chimene chinkafunika chinali kutsitsa nambala ya pamodyuletayo kufika pa 88.

Dongosolo lake ndi ili. Musalowetse kaye modyuleta. Yatsani wailesi pa FM, ndipo yendani pamanja kuyambira pa 87.5, mukudina kamodzikamodzi, osagwiritsa ntchito batani lofufuza lokha chifukwa limenelo limaima pa masiteshoni, pamene inu mukufuna malo opanda siteshoni. Malo abwino ndi amene akungoti shiii mosalekeza, popanda mawu a munthu kapena kanyimbo komveka chapatali, ndipo manambala oyandikana nawo mbali zonse ziwiri akhalenso opanda kanthu. Mukawapeza, lowetsani modyuleta ndi kuikapo nambala yomweyo. Zikagwirizana, phokoso lija limaduka mwadzidzidzi n'kukhala zii ngakhale nyimbo isanayambe, ndipo bata limeneli ndilo chizindikiro chakuti mwalondola. Sungani nambalayo pa batani limodzi la wailesi polidina kwa masekondi angapo.

Voliyumu pano imafuna kusamala koposa pa AUX. Mawu olowa m'modyuleta akakwera kwambiri, zilembo za s zimaphulika ngati mafuta m'chiwaya, ndipo besi imanjenjemera. Tsitsani ya foni kapena ya modyuleta pang'onopang'ono mpaka kuphulikako kuthe, kenaka kwezani ya wailesi.

Galimoto zambiri za ku Japan zikafika kuno zimaikidwa kabokosi kotchedwa band expander, kamene ena amati konveta, kumbuyo kwa wailesi pa waya wa eriyo. Ntchito yake ndi kutsitsa masiteshoni athu ndi nambala yokhazikika, monga 10, 14 kapena 18 MHz, kuti alowe m'malire a wailesiyo, ndipo n'chifukwa chake siteshoni imene woulutsa amatchula nambala ina imapezeka pa nambala yosiyana m'galimoto mwanu. Kuti mudziwe kuti yanu imatsitsa ndi zingati, tsegulani wailesi ya FM ya m'foni mutalowetsa mahedifoni, pezani siteshoni imodzi, ndipo yerekezani nambala yake ndi ya m'galimoto. Ngati foni ikuti 100.0 pamene galimoto ikuti 86.0, kusiyana kwake ndi 14. Pamenepo modyuleta ndi wailesi sizionetsanso nambala yofanana: mukaika modyuleta pa 98.0, muifunefune pa 84.0. Ndi bwino kusankha nambala imene pa wailesi igwere pansi pa 87.5, chifukwa makonveta ena amalola masiteshoni a pakati pa 87.5 ndi 90 kudutsa osatsitsidwa, ndipo pamalo amenewo mawu awiri amatha kuunjikana.

Malo opanda siteshoni ku Blantyre sakhala opanda siteshoni dziko lonse, popeza siteshoni imodzi imaulutsa pa manambala osiyana m'madera osiyana. Paulendo wa makilomita opitirira 300 wopita ku Lilongwe kudzera ku Zalewa, nambala imene munanyamuka nayo ikhoza kuyamba kulowereredwa musanafike ku Ntcheu, ndipo pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pamene msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, masiteshoni a tsidya linalo akhoza kulowereranso. Konzeranitu manambala awiri kapena atatu pa mabatani a wailesi, ndipo posintha imani pambali kapena pemphani wokwera naye. Ngati eriyo ya padenga ndi yomasula, kuichotsa kumafooketsa masiteshoni akunja n'kusiya modyuleta ikulamulira, ngakhale kuti mudzafunika kuibwezera mukafuna kumvera nkhani kapena mpira.

Modyuleta ikapanda kuyaka n'komwe, yang'anani choyatsira ndudu. M'kati mwake mumalowa dothi ndi dzimbiri, ndipo nthawi zina khobidi limagweramo n'kuphulitsa fyuzi. Fyuzi yake kawirikawiri imalembedwa CIG kapena ACC pa chivindikiro cha bokosi la mafyuzi, ndipo nthawi zambiri ndi ya 15 A, yamtundu wabuluu. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo, osakulunga waya kapena kapepala konyezimira, chifukwa zimenezo zimapsereza mawaya a kuseri kwa dashibodi. Oyendetsa malole aonetsetse kuti pa modyuleta palembedwa 12–24V, popeza magetsi a malole ambiri ndi a 24V. M'galimoto zambiri za ku Japan choyatsira ndudu chimazima ndi kiyi, koma m'galimoto zina za ku Ulaya chimakhalabe ndi magetsi, ndipo modyuleta yosiyidwa masiku angapo imakama batire.

Pali mtundu wina wa modyuleta umene wa zamagetsi a galimoto amaulumikiza pakati pa waya wa eriyo ndi wailesi. Ukayatsidwa umadula eriyo, kotero masiteshoni salowerera, ndipo manambala ake nthawi zambiri amakhala cha m'ma 88, amene wailesi ya ku Japan imafikapo. Kwa amene safuna kusintha wailesi yoyambirira, umenewu umaposa wa pa choyatsira ndudu.

Kaseti, chimbale ndi kabowo ka kumbuyo

Galimoto imene ikadali ndi malo a kaseti ili ndi mwayi umene eni ake ambiri saudziwa. Pali kaseti yopanda tepi, yokhala ndi chingwe chotulukira pambali cholowa m'foni, imene imapereka mawu mwachindunji ku mutu wowerenga wa wailesi, ndipo kawirikawiri imamveka bwino kuposa modyuleta. Pukutani mutuwo ndi kathonje konyowetsa ndi spirit musanayambe, ndipo zimitsani batani lolembedwa Dolby kapena NR. Ikamangotembenuka mbali kapena kulavulidwa, vuto limakhala pa timagiya ta m'kati mwa kasetiyo.

Ngati pa wailesi palembedwa MP3 pafupi ndi polowera CD, chimbale chimodzi cha 700 MB chimanyamula nyimbo zopitirira 150 pa 128 kbps, pamene chimbale wamba chimalekera pa mphindi 80. Komanso wailesi zambiri zoyambirira za Toyota, Honda ndi Mazda zili ndi kabowo kumbuyo kolumikizira makina osinthira zimbale. Pali timabokosi, monga ta Yatour, timene timalowa pamenepo n'kupatsa wailesi USB, AUX ndi Bluetooth, koma pulagi yake iyenera kufanana ndendende ndi ya wailesi yanu, choncho itulutseni muijambule kumbuyo musanaitanitse.

Kusintha wailesi yonse

Ngati galimoto mukhala nayo zaka zambiri, wailesi yatsopano ya Pioneer, Sony, Kenwood kapena JVC imathetsa mavuto onsewa kamodzi, kuphatikizapo la manambala a FM, ndipo konveta ija iyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo. Yezani kaye malo ake. Wailesi yaing'ono ndi ya mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 m'mwamba, yaikulu ndi 180 kwa 100, koma galimoto zambiri za Toyota ndi Daihatsu zili ndi malo okula pafupifupi 200, ndipo pamafunika timapulasitiki totseka m'mbali. Funsani ngati kamera ya kumbuyo ndi mabatani a pachiwongolero zidzagwirabe ntchito, chifukwa nthawi zambiri zimafuna zolumikizira zake.

Limbikirani kuti woika agwiritse ntchito pulagi yogwirizanitsa m'malo modula mawaya a galimoto. Pa wailesi zogula padera, waya wachikasu umalandira magetsi osaduka, wofiira umalandira odzera ku kiyi, ndipo wakuda ndi wa ethi, koma mitundu ya mawaya a galimoto yeniyeniyo ndi yosiyana ndipo siyofanizira ndi maso. Wailesi ikamaiwala masiteshoni ndi nthawi mukangozimitsa galimoto, wachikasu ndi wofiira asinthanitsidwa. Ikamakana kuzima mutachotsa kiyi, onse awiri alumikizidwa ku magetsi osaduka, ndipo batire lili pangozi.

Musananyamuke

Njira iliyonse imene mwasankha, ntchito ya zala ithere pabwalo. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, kotero kuti masekondi atatu ofunafuna nyimbo ndi mamita oposa 60 oyenda osaona njinga ya kabaza kapena mbuzi, ndipo apolisi a pamsewu nawonso salekerera dalaivala wogwira foni. Sanjani mndandanda wa nyimbo wokwanira ulendo wonse ndi kuuyambitsa musanachotse handibuleki. Amene mumamvera pa Boomplay, Audiomack kapena Spotify, sungiranitu nyimbo m'foni pamene pali Wi-Fi kapena netiweki yabwino, chifukwa kumvera pa intaneti pa 128 kbps kumadya pafupifupi 58 MB pa ola, ndipo netiweki imaduka m'madera ena a mumsewu. Tsitsani mawu a mauthenga kuti WhatsApp isamalire m'masipika onse. Foni musaiike pamwamba pa dashibodi padzuwa, makamaka m'miyezi ya October ndi November kapena potsikira ku Chikwawa ndi kunyanja, chifukwa ikatentha pamene ikutchajidwa imadzichepetsa mphamvu, nyimbo zimayamba kudukaduka, ndipo batire lake limatupa pakapita nthawi. Malo abwino ndi chogwirira cha pafupi ndi potulukira mphepo yozizira, kapena m'kabokosi ka pakati pa mipando, chingwe chitadutsa kutali ndi giya. Mukaimika galimoto m'tauni, zulani modyuleta ndi fulashi muziike m'kabokosi ka mapepala, chifukwa kanyali ka buluu kowala m'galimoto yotseka kamaoneka patali usiku.